Maloko ndi chiwerengero: chitetezo cha maseva a mafayilo a m'kati mwa kernel

Seva ya mafayilo ndi kompyuta, kapena pulogalamu ya pa kompyuta, yomwe imasunga mafayilo n'kumawapereka kwa makompyuta ena kudzera pa netiweki. Wogwira ntchito mu ofesi akatsegula foda yomwe anzake onse amaikamo makalata ndi malipoti, kawirikawiri fodayo sikhala m'kompyuta yake. Imakhala pa seva, mwina m'chipinda china cha nyumba yomweyo. Makompyutawo amamvana potsata malamulo olankhulirana omwe anakhazikitsidwa kalekale, ndipo otchuka ndi awiri. SMB inayambira ku kampani ya IBM m'chaka cha 1983, koma amene anaifalitsa ndi a Microsoft kudzera mu Windows. NFS inapangidwa ndi kampani ya Sun Microsystems m'chaka cha 1984, ndipo yakhala ikugwiritsidwa ntchito kwambiri pa makina a Unix ndi Linux.

Pulogalamu ya seva ingathe kukhala kunja kapena m'kati mwa kernel. Kernel ndi phata la pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta. Ndiyo imagawira mapulogalamu ena memori, imawapatsa nthawi pa purosesa, ndiponso imalankhula ndi disiki ndi zipangizo za netiweki. Pulogalamu wamba ikalakwitsa, kernel imangoitseka ndipo makina amapitiriza ntchito. Koma kernel ikalakwitsa palibe wina pamwamba pake woti aiwongole: makina amaima, kapena choipitsitsa, wakuba amalanda ulamuliro wa kompyuta yonse.

Samba, yomwe Andrew Tridgell anaiyamba ku Australia m'chaka cha 1992, ndi seva ya SMB yogwira ntchito kunja kwa kernel. Linux ili ndi maseva awiri a m'kati: nfsd ya NFS, yomwe ndi yakale, ndi ksmbd ya SMB, yomwe inalowa mu Linux 5.15 m'chaka cha 2021 motsogozedwa ndi Namjae Jeon. Chifukwa choikira seva m'kati ndi liwiro, poti deta imachoka pa disiki kupita pa netiweki popanda kudutsa m'manja ambiri. Mtengo wa liwiro limenelo ndi woti pulogalamu yokhala ndi mphamvu zonse pa makina ndiyo imalandira mauthenga ochokera kwa alendo osadziwika. Dziko linaona kuopsa kwake pa 12 Meyi 2017, pamene WannaCry inalowa m'makompyuta oposa 200,000 m'mayiko pafupifupi 150, kuphatikizapo a m'zipatala za boma ku England, kudzera m'cholakwika cha seva ya SMB ya mu kernel ya Windows. Cholakwika chimenecho chinali cha mtundu wina, chokhudza kuwerengera kukula kwa uthenga, koma chinasonyeza chomwe chimachitika khomo lotere likapezeka losakhoma.

Seva satumikira munthu mmodzi pa nthawi imodzi. Mapempho amabwera ambirimbiri, ndipo kernel imawagawira ku timagawo ta ntchito toyenda pa nthawi yofanana pa mapurosesa osiyanasiyana. Akatswiri amatitcha thread. M'nkhani ino tizititchula kuti antchito a seva. Antchitowa amagwiritsa ntchito zinthu zofanana zosungidwa m'memori: cholembedwa cha kulumikizana kwa kompyuta iliyonse, cholembedwa cha munthu amene walowa ndi dzina lake chomwe chimatchedwa session, cha foda yomwe walumikizako, ndi cha fayilo iliyonse yotsegulidwa. Pa chinthu chilichonse chotere pali mafunso awiri. Loyamba: ndani ali ndi chilolezo chochikhudza panopa? Lachiwiri: kodi chinthucho chikadalipo? Funso loyamba limayankhidwa ndi loko, lachiwiri ndi chiwerengero cha ochigwiritsa ntchito.

Loko

Loko wa mu pulogalamu ndi chizindikiro chomwe wantchito amatenga asanakhudze chinthu chogawana, n'kuchibweza akamaliza. Wina akabwera n'kupeza chatengedwa, amadikira. Popanda loko, antchito awiri angawerenge nambala imodzi, aliyense n'kuwonjezerapo, ndipo wolemba pomaliza amafafaniza ntchito ya mnzake. Edsger Dijkstra, katswiri wa ku Netherlands, ndiye anafotokoza vutoli mwadongosolo m'chaka cha 1965.

Linux ili ndi maloko amitundu ingapo. Pa spinlock, wodikira amangozungulira pomwepo n'kumayang'ana ngati loko wamasuka, choncho ndi woyenera pa ntchito yachidule kwambiri, ndipo amene wamugwira saloledwa kugona, kutanthauza kusiya purosesa kuti adikire chinthu china. Pa mutex, wodikira amagonekedwa mpaka nthawi yake itakwana. Palinso loko wolola owerenga ambiri nthawi imodzi koma wolemba mmodzi yekha.

Maloko ali ndi matenda awoawo. Wantchito woyamba akagwira loko A n'kumafuna B, pomwe wachiwiri wagwira B n'kumafuna A, onse amadikirana mpaka kalekale. Kwa munthu wa mu ofesi zimangooneka ngati foda yakana kutseguka. Mankhwala ake ndi kugwirizana ndondomeko imodzi yotengera maloko, ndipo kuyambira m'chaka cha 2006 Linux ili ndi chida chotchedwa lockdep, cholembedwa ndi Ingo Molnar ndi anzake, chomwe chimalondola ndondomeko yomwe maloko akutengedwera n'kuchenjeza ngakhale kudikiranako kusanachitike.

Kale njira yosavuta inali kuika loko mmodzi wamkulu pa chilichonse. Zinali zotetezeka koma zochedwa, monga banki yokhala ndi mawindo khumi koma cholembera chimodzi. Loko wamkulu wa kernel yonse anachotsedwa mu Linux 2.6.39 m'chaka cha 2011, ndipo nfsd inachotsa loko wake wamkulu woteteza zolembedwa za NFS yachinayi mu Linux 3.17 m'chaka cha 2014. Liwiro linakwera, komabe loko mmodzi akasanduka maloko khumi, malo olakwitsirapo nawonso amachuluka.

Chiwerengero cha ogwiritsa ntchito

Kernel ya Linux inalembedwa makamaka m'chinenero cha C, chomwe sichitolera chokha memori yosafunikanso. Wolemba pulogalamu ndiye ayenera kudziwa nthawi yoibweza. Pamene chinthu chimodzi chili m'manja mwa antchito angapo, palibe aliyense wa iwo amene angadziwe payekha kuti ndiye womaliza. Njira yomwe George Collins anafotokoza m'chaka cha 1960 ndiyo imathandiza: chinthu chilichonse chikhale ndi nambala. Wochitenga aliyense awonjezere imodzi, wochisiya achotse imodzi, ndipo amene wachotsa n'kupeza kuti yafika pa ziro ndiye abweze memoriyo.

Taganizirani nyumba yogona alendo yomwe chipinda chimodzi chili ndi makiyi angapo. Wolandira alendo amalemba m'buku makiyi omwe atuluka, ndipo chipindacho amachipereka kwa mlendo watsopano pokhapokha makiyi onse atabwerera. Mlendo akapita ndi kiyi osabweza, chipinda chimakhala chotsekedwa pachabe. Mu kernel zimenezi ndi kutayika kwa memori, ndipo zikachuluka seva imafooka mpaka kuima. Choopsa ndi chinacho: kiyi wina akatuluka osalembedwa, kapena kubwerera kwa kiyi mmodzi kukalembedwa kawiri, buku limasonyeza ziro pomwe munthu wina akadali ndi kiyi m'thumba. Chipinda chimapatsidwa kwa mlendo watsopano, ndipo wakale uja akabwera amatsegula n'kutenga katundu wa mwini watsopano ngati wake. Akatswiri amatcha cholakwika chimenechi use-after-free, ndiko kugwiritsa ntchito memori yomwe yabwezedwa kale.

Chifukwa chake n'choopsa n'choti kernel sichedwa kugawanso memori yobwezedwa. Wakuba wodziwa ntchito yake amatumiza mauthenga okonzedwa mwadala kuti deta yake igwere pamalo omwe angomasukawo. Wantchito wa seva, poganiza kuti akuwerenga cholembedwa chakale, amawerenga zomwe wakubayo waika. Ngati m'cholembedwacho munali adiresi ya malangizo oti atsatidwe, kernel ingayambe kutsatira malangizo a mlendo.

Nambalayo ingathenso kusefukira. Imasungidwa m'malo a mabiti 32, ndipo ikawonjezeredwa ka 4,294,967,296 imabwerera pomwe inayambira. M'mwezi wa Januwale 2016, kampani ya Perception Point inasonyeza cholakwika chotere, CVE-2016-0728, m'gawo la Linux losunga makiyi achinsinsi: pamalo ena pulogalamu inkawonjezera osachotsa, ndipo kubwereza pempholo kwa mphindi pafupifupi 30 pa purosesa ya Intel Core i7 kunali kokwanira kuzunguliza nambalayo. Zitatero, m'chaka cha 2017 Linux 4.11 inabweretsa mtundu wapadera wa nambala wotchedwa refcount_t. Nambala imeneyi ikafika pamwamba imakakamira pomwepo, ndipo wina akayesa kuiwonjezera kuchokera pa ziro imapereka chenjezo. Olemba kernel anasankha kutaya memori pang'ono kusiyana ndi kupereka chipinda chokhala ndi mwini.

Pomwe ziwirizi zimakumana

Loko payekha ndi wosavuta kumvetsa, chiwerengeronso chimodzimodzi. Zolakwika zambiri za m'maseva a mafayilo zimabadwira pampata wa pakati pa ziwirizi.

Pempho likafika, limabwera ndi nambala ya session kapena ya fayilo. Wantchito amafufuza nambalayo pa mndandanda, n'kupeza adiresi ya cholembedwacho m'memori, kenako n'kuwonjezera chiwerengero. Izi ndi ntchito ziwiri, ndipo pakati pake pali kamphindi. Ngati wamasula loko wa mndandanda asanawonjezere chiwerengero, wantchito wina amene akutseka session yomweyo angachotse imodzi, kufika pa ziro, n'kubweza memori. Woyamba uja amawonjezera nambala pa chinthu chomwe chafa kale. Kamphindiko n'kochepa kuposa kuphethira kwa diso, kotero kuti pa ntchito ya tsiku ndi tsiku pangapite zaka cholakwikacho chisanaoneke. Koma wakuba sadikira mwayi. Amatumiza mapempho awiriwo nthawi zikwizikwi mpaka agundane.

Lamulo lake ndi loti kufufuza ndi kuwonjezera zichitike loko yemweyo akadali m'manja, ndiponso kuti wochotsa komaliza achotse chinthucho pa mndandanda ali ndi loko yemweyo. Pomwe loko angachedwetse ntchito, Linux imagwiritsa ntchito RCU, njira yomwe inalowa mu kernel m'chaka cha 2002 ndipo imadziwika ndi dzina la Paul McKenney. Owerenga amayenda pa mndandanda popanda loko, ndipo wochotsa amadikira kuti owerenga onse omwe analipo adutse asanabweze memori. Apa wofufuza angapeze chinthu chomwe chiwerengero chake chafika kale pa ziro ndipo chikungodikira kuchotsedwa, choncho ayenera kuwonjezera pokhapokha nambala isali ziro. Akapeza ziro, achite ngati sanapeze kanthu.

Pali msampha wina wobisika kwambiri. Chiwerengero chimateteza moyo wa chinthu, osati zomwe zili m'kati mwake. Wantchito angakhale ndi kiyi wolembedwa bwino m'buku, chipinda n'kukhala chake ndithu, koma wina n'kulowa kudzachotsa mpando womwe iye akufuna kukhalapo. Session ingakhale yamoyo pomwe kacholembedwa ka m'kati mwake, kosunga dzina la munthu, kabwezedwa.

NFS ndi SMB zamakono zimachulukitsa mipata yotereyi. Seva ingabwereke kompyuta yopempha ufulu wosunga fayilo kwa kanthawi, womwe mu NFS umatchedwa delegation ndipo mu SMB umatchedwa oplock kapena lease, n'kudzaulanda wina akafuna fayilo yomweyo. Kulandako kumachitika pomwe mwina mwini wake akutseka fayiloyo, kapena netiweki yake yaduka, kapena nthawi yomwe anapatsidwa yatha. Njira zonsezi zimathera pa kubweza chinthu chimodzimodzi, ndipo imodzi yokha ndiyo iyenera kufikapo.

Zomwe zinachitika ku ksmbd

M'mwezi wa Disembala 2022, bungwe la Zero Day Initiative linalengeza cholakwika cha mu ksmbd chomwe linachipatsa mapointi 10 pa 10 pa sikelo ya kuopsa. Chinapezedwa ndi gulu la Thalium la ku France, ndipo chinalembedwa ngati CVE-2022-47939. SMB imalola kumanga mapempho angapo mu uthenga umodzi. Pempho lodula kulumikizana ndi foda linkabweza cholembedwa cha fodayo koma n'kusiya adiresi yake pamalo pomwe pempho lotsatira mu uthenga womwewo linkaipeza. Kukonza kwake kunali kufafaniza adiresiyo ikangobwezedwa memori, ndipo kunali kutachitika kale miyezi ingapo chilengezocho chisanatuluke. Makina okhudzidwa anali okhawo omwe ksmbd inali yoyatsidwa.

Nkhani ya m'chaka cha 2025 ndiyo imaphunzitsa zambiri. Wofufuza za chitetezo Sean Heelan anapeza yekha, powerenga pulogalamu, cholakwika CVE-2025-37778 m'gawo lotsimikizira munthu pogwiritsa ntchito Kerberos: kacholembedwa ka dzina la munthu kankabwezedwa, koma panali njira zina zomwe pulogalamu inkapitiriza kukagwiritsa ntchito. Iye anaganiza zoyesa ngati o3, pulogalamu ya nzeru zopanga ya kampani ya OpenAI, ingachipezenso. Ataipatsa mizere pafupifupi 3,300, inachipeza maulendo 8 pa 100. Ataipatsa mizere pafupifupi 12,000, inachipeza kamodzi kokha pa 100, koma m'mayankho enawo munali lipoti la cholakwika china chomwe iye sankachidziwa. Analengeza zimenezi m'mwezi wa Meyi 2025, ndipo cholakwika chatsopanocho ndi CVE-2025-37899.

Gwero lake ndi ili. Kuyambira pa SMB 3.0, yomwe inabwera ndi Windows 8 m'chaka cha 2012, session imodzi ingagwiritsidwe ntchito ndi njira zolumikizirana zingapo nthawi imodzi pofuna kuwonjezera liwiro. Pempho lotuluka likafika pa njira yoyamba, ksmbd inkadikira kuti mapempho ena a pa njira yomweyo athe, kenako n'kubweza kacholembedwa ka dzina la munthu. Sinkaganizira kuti pa njira yachiwiri wantchito wina angakhale ali m'kati mogwiritsa ntchito kacholembedwa komweko. Session inali yamoyo. Mpando ndi womwe unachotsedwa.

Heelan anavomereza poyera kuti lipotilo linamuonetsa kuperewera kwa njira yomwe iye mwini anapereka yokonzera cholakwika choyamba chija, yomwe inali kufafaniza adiresi ikangobwezedwa memori. Njira imeneyo inakwanira m'chaka cha 2022 chifukwa mapempho ankatsatizana m'manja mwa wantchito mmodzi. Pomwe antchito ali awiri sikwanira, pakuti wachiwiri angakhale atawerenga kale adiresiyo, kapena angaiwerenge pakati pa kubweza ndi kufafaniza. Zolakwika ziwirizi zimaoneka zofanana pa pepala, koma china ndi cha ndondomeko ya ntchito pomwe chinacho ndi cha nthawi, ndipo cha nthawicho chimafuna loko, chiwerengero chakechake, kapena kuchedwetsa kubwezako mpaka session yonse itatha.

Sitiyenera kufulumira kunena kuti makina tsopano aposa anthu pa ntchitoyi. Malipoti ambiri omwe pulogalamuyo inatulutsa anali onama, ndipo panafunika katswiri wodziwa ksmbd kuti apete n'kupeza lenilenilo.

Kusaka zolakwika ndi kudziteteza

Poti zolakwika za nthawi sizioneka kawirikawiri, olemba kernel amadalira zida zozikakamiza kuonekera. KASAN, yomwe inalowa mu Linux 4.0 m'chaka cha 2015, imaika chizindikiro pa memori yobwezedwa n'kukuwa wina akangoikhudza. KCSAN, ya m'chaka cha 2020, imagwira antchito awiri okhudza malo amodzi popanda chitetezo. Syzkaller, yomwe Dmitry Vyukov anayambitsa ku Google, imaponyera kernel mapempho osokonekera usana ndi usiku. Zida zimenezi zimachedwetsa makina, choncho zimayatsidwa poyesa, osati pa seva ya mu ofesi. Chinenero cha Rust, chomwe chinayamba kulandiridwa mu Linux 6.1 m'mwezi wa Disembala 2022, chimakana kumanga pulogalamu yomwe ikukhudza deta yotetezedwa popanda kugwira loko wake, ndipo chimachotsa chokha pa chiwerengero chinthu chikasiyidwa. Komabe nfsd ndi ksmbd zinalembedwa mu C, ndipo chitetezo chawo chikudalirabe maso a ozilemba ndi oziwunika.

Kwa woyang'anira makompyuta a kampani, sukulu kapena chipatala, zochita zake ndi zochepa komanso zodziwika. SMB imamvetsera pa khomo nambala 445 ndipo NFS pa 2049. Makomo amenewa sayenera kuonekera pa intaneti, ndipo ofuna mafayilo ali kutali adutse pa VPN. Seva yosagwiritsidwa ntchito izimitsidwe. Kernel ilandire zokonza zikangotuluka, ndipo pokhapokha makina akhale ndi njira yapadera yokonzera kernel ikuyenda, ayenera kuzimitsidwa n'kuyatsidwanso kuti kernel yatsopanoyo iyambe kugwira ntchito. Zipangizo zing'onozing'ono zosungira mafayilo ndi marauta okhala ndi polowetsa fulashi nazonso zimayendera Linux, ndipo zina mwa izo zimagawa mafayilo pogwiritsa ntchito ksmbd chifukwa imadya memori yochepa kuposa Samba. Zimenezi ndi zomwe zimakonda kuiwalika pa shelefu, zili ndi kernel yomwe zinabwera nayo tsiku logulidwa.